Rauta yakana pasiwedi yanu: mwaiwala kapena wina walowa?

Tiyerekeze kuti mwezi ukutha. Inu ndinu volontiya wa zaumoyo m'mudzi wina ku Chinguluwe, m'boma la Salima, ndipo mlangizi wa zaumoyo wa dera lanu akudikira lipoti: ana angati mwawayeza pamkono, amayi oyembekezera angati sadayambe sikelo, makomo angati alibe chimbudzi. Tsamba la m'kaundula mwalijambula kale. Chatsala n'kutumiza pa WhatsApp basi.

Mukuyatsa kabokosi ka intaneti kaja. Timagetsi take tikuwala monga mwa masiku onse, koma foni ikukana kulowa, ikuti pasiwedi ndi yolakwika. Mukulembanso mosamala, chilembo chimodzichimodzi. Yolakwika. Mukuitana mwana wanu wa Fomu 2, katswiri wa mafoni pakhomopo, koma naye akungokanda m'mutu. Kapena akunamizira kukanda m'mutu.

Funso limene limabwera msanga ndi lakuti: kodi wina wandibera? Nthawi zambiri yankho lake ndi ayi. Zifukwa zambiri zimene rauta kapena MiFi imakanira mwini wake n'zazing'ono, ndipo mungazikonze nokha muli pamkeka. Koma zilipo zina zochepa zimene zimasonyeza kuti munthu wina wagwira makiyi a kabokosiko, ndipo zikatero chimene chili pachiswe si bandulo yokha ayi. Kuchoka pa kabokosi kameneka kukafika pa chinsinsi cha wodwala ndi mtunda waufupi kuposa momwe ambiri amaganizira.

Kiyi amene wakana ndi uti?

Ambirife timati "pasiwedi ya rauta" ngati kuti ndi imodzi. Zilipo ziwiri, ndipo chisokonezo chimayambira pamenepa.

Yoyamba ndi ya Wi-Fi, imene mumalemba mufoni kuti ilumikizike. Imeneyi ili ngati kiyi wa chitseko cha pabalaza: ana ali naye, mlendo akabwera mumamubwereka. Yachiwiri ndi ya tsamba loyendetsera rautayo, imene pa Chingerezi amailemba kuti admin password. Uyu ndi kiyi wa kuchipinda kwa makolo, kumene kuli sutikesi ya ziphaso ndi ndalama.

Tsambali mumalipeza mukalemba manambala ena pamalo a adiresi mu Chrome kapena pulogalamu ina yotsegulira intaneti, foni yanu ili yolumikizidwa ku rautayo. Pa ma MiFi ambiri a Huawei manambalawo ndi 192.168.8.1, pa ambiri a ZTE ndi 192.168.0.1, pomwe marauta ena amagwiritsa ntchito 192.168.1.1. Musavutike n'kuloweza. Adalemba pa kapepala komata kunsi kwa rauta, kapena mkati mwa MiFi mukatsegula chivindikiro n'kuchotsa batire. Pomwepo palinso dzina la Wi-Fi ndi mapasiwedi amene kabokosiko kadabwera nawo kuchokera kufakitale.

Anthu ambiri sadalowepo m'tsamba limeneli chigulireni rauta yawo. Ena sadziwa n'komwe kuti liliko. Mfundo imeneyi muisunge, tibwererako.

Palinso maloko ena awiri amene si a rauta kwenikweni, koma amaoneka ngati ake. Woyamba ndi PIN ya simukhadi. Ngati simukhadi imene mwaika m'kabokosimo mudaiikira PIN ili mufoni, rauta idzaifunsa. Mukalakwitsa katatu simukhadi imadzitseka n'kuyamba kufuna nambala ina yotchedwa PUK, ya manambala 8, imene kawirikawiri imakhala pa kapulasitiki komwe mudathyolapo simukhadiyo. Apa musayerekeze kulotera. PUK mukailakwitsa ka 10 simukhadi imafa, ndipo chotsala ndi ulendo wa ku Salima boma, chiphaso cha unzika chili m'manja, kukapempha ina kwa kampani yanu ya mafoni.

Loko winayo amavutitsa amene alandira MiFi kuchokera kwa m'bale wa ku Joni. Kabokosi kogulidwa kwa kampani ya mafoni ya ku South Africa kakhoza kukhala kokhomedwa kuti kazigwira ntchito ndi simukhadi ya kampani yomweyo basi. Mukaikamo ya Airtel kapena TNM kamafunsa nambala yotsegulira. Imeneyi si pasiwedi yanu, palibe amene wakuberani, ndipo kulotera n'kungodzipweteka chifukwa maulendo oyesera ndi owerengeka.

Yambani ndi zing'onozing'ono

Choyamba werengani bwino zimene foni yalemba. Ikati "Connected, no internet", pasiwedi yalowa bwinobwino. Kungoti bandulo yatha kapena netiweki yathawa. Ikati "Incorrect password" kapena "Authentication error", apo ndiye tikukamba za kiyi.

Pasiwedi imasiyanitsa chilembo chachikulu ndi chaching'ono. Pa kapepala ka kufakitale kaja, ziro amafanana ndi chilembo O, 1 amafanana ndi l komanso I, 8 amafanana ndi B, makamaka kapepalako kakasuluka ndi fumbi ndi thukuta inu mukuwerenga ndi tochi. Dinani kachizindikiro ka diso, kapena pamene palembedwa "Show password", kuti muziona zimene mukulemba m'malo mwa timadontho.

Nthawi zina foni imangokakamira pasiwedi yakale imene idasunga. Pitani pa mndandanda wa Wi-Fi, gwirani dzina la rauta yanu, sankhani "Forget", kenaka mulowenso ngati koyamba. Zimitsani rautayo, dikirani mphindi imodzi, muyatsenso. Zikuoneka zopepuka, koma matenda ambiri a timabokosi timeneti amachira ndi mankhwala omwewa.

Kenaka yesani ndi foni ina. Ikalowa ndi pasiwedi yomweyo, yang'anani vuto mufoni yanu. Zonse ziwiri zikakana, pasiwedi yasintha, ndipo funso tsopano ndi lakuti yasintha bwanji.

Yang'anani dzina la Wi-Fi. Ngati mudalipatsa dzina lanulanu koma lero likuoneka dzina la pa kapepala kaja, rautayo yabwerera mwakale. Zimachitika mwana akamaseweretsa kabatani kakumbuyo, ndipo nthawi zina magetsi akamathimathima n'kubwera mwamphamvu. Lembani pasiwedi ya pa kapepala, mulowa.

MiFi ilinso ndi malire a mafoni amene ingawalandire nthawi imodzi. Tambiri tating'ono timalandira 10, tina 16. Ikadzaza, wobwera pambuyo amakanidwa ngakhale akhale mwini wake. Koma ngati pakhomo panu pali mafoni atatu okha ndipo kabokosi kakuti kadzaza, chimenecho si chifukwa chaching'ono. Ndi chizindikiro.

Tsamba loyendetsera lija lili ndi khalidwe lakelake. Pa marauta ambiri, mukalakwitsa pasiwedi kangapo motsatizana, kawirikawiri katatu, limadzitseka kwa mphindi zingapo. Silidaonongeke, likudziteteza kwa munthu wolotera. Kuona maso a nkhono n'kudekha: siyani kaye, kamweni madzi, mubwerere. Chofunika kuchizindikira n'chakuti mukapeza tsambalo ladzitseka kale inu musanalakwitse ngakhale kamodzi, ndiye kuti wina amayesera posachedwapa.

Wolowa sachokera kutali

Tikamva za akuba a pa intaneti timaganiza za munthu wa kunja kwa dziko, ali pa kompyuta m'chipinda chamdima. Pa nkhani ya rauta ya pakhomo, yambani mwayang'ana pafupi. Mphamvu ya Wi-Fi ya MiFi imafika mamita ochepa chabe, ya rauta yaikulupo imapitirirako pang'ono, ndipo khoma la njerwa limaichepetsa. Rauta ya simukhadi kawirikawiri siifikirika mosavuta kuchokera kutali. Choncho amene wasintha pasiwedi yanu, mwachidziwikire adaima pakhonde panu, kuseri kwa bafa, kapena pansi pa mtengo wa mango uli kumpanda. Mwinanso amadya nanu nsima.

Walowa bwanji? Njira yofala kwambiri ilibe ukatswiri uliwonse. "Amayi, tandigaireniko ka intaneti, ndingotumiza uthenga umodzi." Mumatenga foni yake n'kulemba nokha pasiwedi, poganiza kuti potero simudamuuze. Koma kuyambira pa Android 10, imene idatuluka mu 2019, foni iliyonse yolumikizidwa imatha kuonetsa kachithunzi ka timabokosi takudakuda kotchedwa QR code. Wina akakajambula ndi foni yake walowa, ndipo pa mafoni ambiri pasiwedi yeniyeniyo imaoneka pansi pa kachithunziko. Amene mudamugaira Lolemba akhoza kugaira anzake asanu pofika Lachitatu, onsewo osakupemphani.

Palinso mapulogalamu amene achinyamata amaika m'mafoni, olonjeza "Wi-Fi yaulere". Ambiri mwa iwo sathyola loko aliyense. Amangotolera mapasiwedi amene ali m'mafoni mwa anthu owagwiritsa ntchito n'kumagawira ena. Mwana wanu akaika pulogalamu yotere kuti azidya bandulo ya eni, akhoza kukhala atapereka yanu osadziwa. Nkhuyu zodya mwana zidapota akulu.

Tsopano tibwerere ku tsamba lija limene simudalowemo chigulireni. Marauta ndi ma MiFi ambiri, makamaka akale, amabwera ndi dzina lolowera lakuti admin ndi pasiwedi yakutinso admin. Ena atsopano amagwiritsa ntchito pasiwedi ya Wi-Fi yomweyo, kapena amakukakamizani kusankha yanu tsiku loyamba, ntchito imene nthawi zambiri amaigwira ndi mnyamata wa pashopu amene adakugulitsani. Tanthauzo lake ndi ili: aliyense amene mudamulowetsa pabalaza akhoza kuyesa chitseko cha kuchipinda, n'kupeza kuti kiyi ali pachitseko pomwepo.

Akalowamo amakhala mwini. Akhoza kusintha pasiwedi ya Wi-Fi, inu n'kutsala panja. Akhoza kusintha ya tsambalo kuti musathe kubweza. Wochenjera sasintha kalikonse. Amangoika foni yanu pa mndandanda wa mafoni oletsedwa, kotero kuti pasiwedi yolondola imalowa pa mafoni ena onse kupatula yanu. N'chifukwa chake foni ina ikalowa yanu n'kumakanabe ngakhale mwachita "Forget", musafulumire kupita nayo kwa okonza. Kaoneni kaye mndandanda umenewo.

Inu makolo, kunena chilungamo, munthu woyamba kumufunsa ndi mwana wanu. Osati ndi chikwapu. Ana ambiri amasintha pasiwedi pofuna kuthamangitsa anzawo amene akuwadyera bandulo, kenaka amaiwala imene alemba, n'kuchita mantha kuulula. Ena amatero kuti azionera mavidiyo usiku inu mutagona. Funso lodekha limapulumutsa ulendo wa ku Kamuzu Road.

Pamene chinsinsi cha wodwala chimatulukira

Bandulo ikadyedwa mumadandaula, mumagula ina. Nkhani yaikulu ili pa simukhadi imene ili m'kabokosimo.

Tsamba loyendetsera la ma MiFi ambiri lili ndi malo owerengera mauthenga a SMS amene afika pa simukhadiyo. Ambiri alinso ndi malo oimbira manambala a nyenyezi aja, monga oonera mayunitsi kapena ogulira bandulo. Amene ali ndi pasiwedi ya tsambalo akhoza kuwerenga mauthengawo, kuwafufuta, ngakhale kutumiza uthenga m'dzina la nambala yanu, foni yanu asadaikhudze n'komwe.

Ndiye taganizani. Ambiri amachotsa simukhadi mufoni n'kuika mu MiFi madzulo kuti banja lonse ligwiritse ntchito bandulo imodzi. Nambala yomweyo ndi imene adalembetsera WhatsApp, yomweyonso ndi ya Airtel Money kapena Mpamba. WhatsApp ikamatsegulidwa pa foni yatsopano imatumiza nambala ya manambala 6 kudzera pa SMS. Uthengawo ukafika simukhadi ili mu MiFi, wowerenga ndi amene ali m'tsamba lija. Akalemba manambalawo mufoni yake, WhatsApp yanu yasamukira kwa iye, inu n'kutulutsidwa. Mauthenga anu akale sawapeza, koma amalowa m'magulu onse amene inu mulimo, ndipo chilichonse chotumizidwa kuyambira nthawi imeneyo chimafikira iye.

Kwa munthu wamba, chotsatira chake ndi mauthenga opempha ndalama kwa abale: "Achimwene, mwana wadwala, tanditumizirani kangachepe." Kwa inu volontiya n'zoposa apo. M'gulu la mavolontiya mumadutsa zithunzi za makaundula, maina a amene adumpha tsiku lotenga ma ARV, amene akumwa mankhwala a TB, mtsikana wa sukulu amene wapezeka ndi pathupi makolo ake asadadziwe. M'mudzi momwe aliyense amadziwa mnzake, dzina limodzi likatuluka silibwereranso. Munthu amene matenda ake akambidwa pachitsime akhoza kusiya kupita kuchipatala, akhoza kusiya mankhwala, ndipo ena amene amafuna kukayezetsa amabwerera m'mbuyo. Chikhulupiriro chimene mudachimanga zaka zambiri poyenda khomo ndi khomo chimatha ndi pasiwedi ya zilembo zisanu.

Tisaonjezerenso mantha pomwe palibe. Munthu amene wangolowa pa Wi-Fi yanu sangawerenge mauthenga anu a WhatsApp akamadutsa, chifukwa kuyambira 2016 mauthengawa amayenda obisidwa kuchoka pa foni yotumiza mpaka yolandira. Ndalama za mufoni nazo sizituluka popanda PIN yanu. Koma amene wawerenga ma SMS anu amadziwa kuti ndalama za thonje zalowa liti ndipo ndi zingati, ndipo akakuimbirani modzitcha wa kukampani, amayankhula zinthu zoona zokhazokha mpaka inu kumukhulupirira. Kampani ya mafoni kapena banki siifunsa PIN yanu pa foni. Wofunsa PIN ndi wakuba, ngakhale atchule dzina lanu ndi la agogo anu.

Malamulo alipo. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limati kulowa m'makina a kompyuta a munthu wina popanda chilolezo ndi mlandu. Lamulo loteteza mbiri za anthu, Data Protection Act la 2024, limaika nkhani za umoyo wa munthu m'gulu la zofunika kuzisamala mwapadera, ndipo bungwe la MACRA ndi limene lidapatsidwa udindo woyang'anira zimenezi. Wachinyamata amene amaona ngati masewera kulowa mu rauta ya oyandikana nawo ayenera kuuzidwa zimenezi.

Admin ndi admin idagwetsapo zikuluzikulu

Musaone ngati ulesi wosasintha pasiwedi ya kufakitale ndi wa kumudzi kokha. Mu 2016 kudatuluka pulogalamu yoononga yotchedwa Mirai. Ntchito yake idali yopepuka: kuyendayenda pa intaneti kugogoda pa marauta ndi makamera, n'kumayesa maina ndi mapasiwedi a kufakitale pafupifupi 60, monga admin ndi 12345. Idagwira makina mazanamazana a masauzande. Pa 21 October chaka chimenecho makina ogwidwawo adatumidwa kukapanikiza kampani ya Dyn ku America, ndipo masamba akuluakulu monga Twitter ndi Netflix adavuta kutsegula kwa maola angapo.

Kuno ku Africa zidafika ku Liberia. Mzungu wina wa ku Britain, Daniel Kaye, adagwiritsa ntchito mtundu wina wa Mirai kupanikiza kampani ya mafoni ya Lonestar, mpaka intaneti ya dzikolo idasokonekera mu November 2016. Khoti la ku London lidamulamula kukhala kundende miyezi 32 mu January 2019. Dziko la Britain lidafika pokhazikitsa lamulo, limene lidayamba kugwira ntchito pa 29 April 2024, loletsa kugulitsa makina olumikizika pa intaneti okhala ndi mapasiwedi a kufakitale osavuta kulotera.

Koma onani kusiyana kwake. Eni makina amene Mirai idagwira ambiri sadadziwe kanthu, chifukwa wakuba wakutali safuna kuti mumuzindikire. Amafuna rauta yanu izigwirabe ntchito. Wokutsekerani panja nthawi zambiri ndi wapafupi, wosazolowera kuba, amene sadaganize kuti mawa lake mudzafuna kutumiza lipoti.

Musanabaye kabatani

Rauta iliyonse ili ndi kabatani kolembedwa "Reset", kobisika m'kabowo kakang'ono. Kamabweza zonse momwe zidalili potuluka m'fakitale, ndipo ndi yankho lomaliza mukatsekeredwa panja. Koma ngati mukuthabe kulowa m'tsamba loyendetsera, musathamangire kubaya, chifukwa mufufuta mapazi a wolowayo. Pa rauta yokhala ndi mabowo a waya kumbuyo, kompyuta yolumikizidwa ndi waya imafika pa tsambalo ngakhale Wi-Fi ikukana. Ma MiFi ambiri amachitanso chimodzimodzi ndi waya wa USB.

Mukalowa, onani mndandanda wa mafoni olumikizidwa ndi wa mafoni oletsedwa, muujambule. Onani ma SMS: kodi muli uthenga wa nambala yotsegulira WhatsApp, Facebook kapena banki umene inu simudaupemphe? Kodi muli mauthenga otumizidwa amene simudalembe? Yerekezaninso bandulo imene yadyedwa ndi momwe banja lanu limagwiritsira ntchito.

Chenjezo limodzi apa. Maina a pa mndandandawo amasokoneza. Foni yanu yomwe ikhoza kuoneka ndi dzina lachilendo la manambala ndi zilembo, ndipo mafoni atsopano amabisa dala nambala yawo yeniyeni. Njira yabwino ndi kuzimitsa Wi-Fi pa mafoni onse a m'nyumba kupatula imene mukuonerayo, n'kuona otsala. Ngakhale pamenepo, mndandandawo sukuuzani dzina la munthu. Musapite kukatukwana kwa aneba chifukwa mwaona liwu lakuti itel kapena Tecno. Theka la mudzi lili ndi mafoni omwewo.

Pobwezeretsa, rauta ikhale yoyaka. Tengani phini kapena kamtengo ka machesi kosongola, kanikizani kabataniko osasiya kwa masekondi pafupifupi 10, mpaka timagetsi tithime n'kuyakanso. Dikirani mphindi ziwiri kapena zitatu. Dzina ndi pasiwedi za pa kapepala zibwerera. Bandulo yanu siitayika, chifukwa ili pa simukhadi, osati m'kabokosi. Ngati rauta yanu idachita kuikidwa ndi kampani, monga za m'maofesi ndi m'sukulu, aimbireni kaye musanabaye. Ina imafuna kulembedwanso zina kuti ilumikizike.

Pa MiFi kabowoko kamakhala mkati, pafupi ndi batire, ndiye samalani kumene phini akulowa. Ndipo mukapeza batirelo latupa ngati chitumbuwa, kapena chivindikiro chikukana kutsekeka, lekani kulitchaja. Kutentha kwa kunyanja kuno mu October ndi November, m'nyumba ya malata, kabokosi kali patchaja usana ndi usiku, kumafooketsa mabatire amenewa. Lotupa likabooledwa kapena kupsinjidwa likhoza kuyaka. Musaligoneke pansi pa pilo, musaliponye pamoto, ndipo ana asaliseweretse.

Makiyi atsopano

Mukangobwezeretsa, rauta yanu ili pa nthawi yake yofooka kwambiri, chifukwa yabwerera ku admin ndi admin, ndipo aliyense amene adajambulapo kapepala kaja akhoza kulowa. Ntchito yotsatirayi ichitike nthawi yomweyo, osati mawa.

Yambani ndi pasiwedi ya tsamba loyendetsera, chifukwa ndiyo imateteza inzake. Kenaka ya Wi-Fi. Ziwirizi zisafanane. Ya Wi-Fi siingachepere zilembo 8, koma pitirirani 12. Kutalika n'kofunika kuposa kukometsera ndi tizizindikiro tovuta kukumbukira. Mawu anayi a Chichewa osagwirizana, monga dzina la nsomba, la chiwiya cha kukhitchini, la mtengo ndi la mtundu wa nsalu, mutaikapo manambala pakati, ndi ovuta kulotera koma osavuta kwa inu. Dzina la mwana, chaka chobadwa, nambala ya foni, Bullets kapena Wanderers, zonsezi mnyamata wa kuseri kwa mpanda aziyesa poyamba penipeni.

Ena amati pasiwedi salemba papepala. Pakhomo, ine ndikuti lembani. Kuiwala ndi kumene kumachititsa anthu kusankha 12345678. Lembani m'kabuku, mukaike m'sutikesi momwe mumasunga ziphaso ndi mabuku a kusikelo, osati kumata pa rauta pomwepo.

Muli m'tsambamo, onani kuti pa chitetezo cha Wi-Fi pasankhidwa WPA2 kapena WPA3, osati WEP kapena "Open". Mukaona WPS, izimitseni. Ndi njira yachidule yolowera popanda pasiwedi, ndipo kufooka kwake kudadziwika kale mu 2011. Dzina la Wi-Fi lisakhale dzina lanu kapena la ntchito yanu. Ngati rauta yanu ili ndi "Guest network", alendo muziwalowetsa kumeneko. Pa marauta ambiri wolowera khomo limeneli safika pa tsamba loyendetsera. Ndipo mukapita nayo kwa okonza, chotsani simukhadi, mukabwerako musinthe mapasiwedi onse awiri. Si kuti okonza onse ndi akuba. Kungoti kiyi wa kuchipinda sasiyidwa kwa kalipentala.

Chinthu chimodzi chimene chimatseka bowo lalikulu lija: MiFi ikhale ndi simukhadi yakeyake, ya bandulo basi, yolembetsedwa m'dzina lanu. Nambala ya WhatsApp, ya ndalama ndi ya kubanki ikhale mufoni yanu. Pa WhatsApp pitani pa Settings, Account, kenaka Two-step verification, muike PIN yanu. Wakuba akapeza nambala ya pa SMS ija adzafunsidwanso imeneyi. Onaninso pa Linked devices ngati palibe kompyuta kapena foni yachilendo imene ikuwerenga nanu limodzi.

Magulu ena, monga a keyagulupu kapena banki m'khonde, amasonkherana kugula MiFi imodzi. Pamenepo gwirizanani poyera: pasiwedi ya tsamba loyendetsera aidziwe anthu awiri okha, ndipo ya Wi-Fi izisinthidwa wina akatuluka m'gulu kapena foni ya membala ikatayika.

Mukapeza umboni woti WhatsApp yanu yalandidwa, bwezerani simukhadi mufoni, mulembetsenso nambala yanu. Nambala yatsopano ya pa SMS ikalowa, winayo amatulutsidwa. Ngati iye adaikapo kale PIN yake, mungafunike kudikira masiku 7, koma pa nthawiyo amakhala atatuluka kale. Musadikire zonsezi kuti muuze anthu. Imbirani mlangizi wa zaumoyo tsiku lomwelo kuti achotse nambala yanu m'gulu mpaka zitakonzeka, ndipo amene amayang'anira ntchito yanu adziwe ngati maina a odwala adadutsa m'gulumo pa masiku amenewo. N'zochititsa manyazi kunena, koma wodwala amene dzina lake latuluka ndi bwino alimve kwa azaumoyo kusiyana ndi kulimva pamsika. Ngati ndalama zasowa, dziwitsani kampani ya mafoni kapena banki msanga, kenaka kupolisi, mutanyamula zithunzi zimene mudajambula zija.

Nanga lipoti la mawa lija? Ngati usiku wafika kabokosi kakukanabe, musabwereke foni ya mnzanu kuti mutumizire chithunzi cha kaundula. Chithunzicho chimatsala mufoni mwake ngakhale mufufute uthengawo, ndipo mafoni ena amachikweza okha pa intaneti kukachisunga. Imbani foni mutchule manambala okha popanda maina, kapena pindani pepalalo, muliike m'chikwama, m'mawa mupalase njinga mukalipereke pamanja ku chipatala cha Chinguluwe.